Pulogalamu ya mapu ndi database: kodi pakati pake pamafunika middleware?

Amene anaphunzira GIS, luso la mapu a pa kompyuta, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 amalikumbukira dzina la ArcSDE. Masiku amenewo ukafuna kusunga mapu mu Oracle kapena SQL Server kuti anthu angapo azigwirapo ntchito nthawi imodzi, unkagula ArcSDE ya kampani ya Esri n'kuiika pa seva. ArcMap, pulogalamu ya mapu ya pa desiki, inkalankhula ndi iyo, iyo n'kumalankhula ndi database. Funso lake likadalipo m'maofesi mpaka lero: seva tagula, database taika, nanga pakatipa tiikepo chiyani? Wina amati palibe chofunika. Wina amati popanda GeoServer kapena ArcGIS Server, mapulogalamu ogawa mapu pa intaneti, palibe chimene chingayende. Onsewa sakunama, koma aliyense ali ndi anthu ake m'maganizo. Woyambayo akuganiza za anzake a mu ofesi momwemo, winayo akuganiza za anthu akunja.

Tiyambe ndi chimene chinabweretsa middleware, pulogalamu yokhala pakati pa ziwirizi, poyamba. M'zaka za m'ma 1990 database wamba inkadziwa manambala, mawu ndi madeti basi. Ukaipatsa malire a munda kapena mzere wa paipi ya madzi, inkangosunga osadziwa kuti n'chiyani. Sinkatha kuyankha funso ngati lakuti ndi mijigo iti imene ili m'dera la mfumu yakutiyakuti. Esri inatulutsa SDE mu 1995 kuti igwire ntchito imeneyi. Pulogalamuyi inkakhala pa seva n'kumamvetsera pa port 5151, ndipo munthu akalumikiza, gawo lake lotchedwa giomgr linkamuyambitsira kapulogalamu kakekake kotchedwa gsrvr. Maonekedwe a malo inkawaika m'tebulo lina, index yofufuzira mwachangu m'tebulo linanso, n'kumaziphatikiza yokha wina akafunsa. Inali nkhoswe yeniyeni: mbali ziwirizi sizinkalankhulana pamaso, nkhani iliyonse inkadzera kwa iyo. Ndiye ikangogwa, ofesi yonse inkakhala manja lende ngakhale database ili bwinobwino.

Kenako ma database anaphunzira okha. Oracle inabwera ndi SDO_GEOMETRY mu 8i. Bungwe la OGC, loika miyezo ya deta ya mapu, linakhazikitsa malamulo a Simple Features okhudza mmene madontho, mizere ndi ma polygon ziyenera kusungidwira ndi kufunsidwira mu SQL. Mu 2001 kampani ya Refractions Research ya ku Victoria, m'dziko la Canada, inatulutsa PostGIS yogwira ntchito ya mapu mkati mwa database ya PostgreSQL. SQL Server 2008 nayo inabwera ndi mitundu iwiri, geometry ndi geography. Esri yomweyo inayamba kulimbikitsa direct connect, pomwe ntchito imene gsrvr inkagwira pa seva inasamukira mu kompyuta ya wogwiritsa ntchito. ArcGIS 10.0 ya mu 2010 inabweretsa ma query layer owerenga matebulo mwachindunji, ndipo pofika pa 10.3 kumapeto kwa 2014, seva ya ArcSDE ya pa 5151 ija inachotsedwa. Choncho ngati funso lanu n'lakuti kodi pakufunika pulogalamu yomasulira mapu kuti database iwamve, yankho n'lakuti ayi, ndipo lakhala ayi kwa zaka zoposa khumi. Zimene zatsala ndi ntchito zina, ndipo n'zimene tiyerekeze apa.

Kulumikiza mwachindunji

Tiyerekeze kuti pa khonsolo ina pali anthu asanu ogwira ntchito ya mapu: mapuloti, misewu, mijigo, masukulu. Mpaka pano akhala akupatsana ma shapefile, mafayilo osunga deta ya mapu, pa flash. Aliyense ali ndi kope lake la mijigo, ndipo palibe amene angalumbire kuti lake ndiye latsopano. Dzina la column lakuti chaka_chokumbidwa linaduka n'kukhala chaka_chok, chifukwa shapefile salola zilembo zoposa 10. Anthu awa chimene akusowa ndi malo amodzi osungira zinthu, osati pulogalamu yapakati.

Mukaika PostgreSQL ndi PostGIS pa kompyuta imodzi ya mu ofesi, ntchito yotsala mu QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu ya pa desiki, ndi yochepa kwambiri. Mumatsegula bokosi la kulumikiza kwatsopano, n'kulemba dzina la seva kapena IP yake, port 5432, dzina la database, dzina lanu ndi pasiwedi. Mukadina batani loyesera n'kuona kuti zatheka, matebulo onse okhala ndi geometry, kutanthauza maonekedwe a malo, amaoneka, n'kungowakokera pa mapu. N'zosadabwitsa kuti zimayenda mosavuta chonchi, chifukwa Gary Sherman poyamba QGIS mu 2002 ankafuna kwenikweni pulogalamu yoonera deta ya PostGIS.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti ntchito yolemera imagwiridwa pomwe pali deta. Mukafuna mijigo imene ili pa mtunda wosapitirira mamita 500 kuchokera pa sukulu, mumalemba:

SELECT m.dzina FROM mijigo m JOIN masukulu s ON ST_DWithin(m.geom, s.geom, 500);

Database imagwiritsa ntchito index yake ya GiST n'kukubwezerani mayankho okhawo. Malamulo nawonso mumaika momwemo: kuti puloti isalowe popanda nambala, kuti nambala isabwerezedwe, kuti wa ku dipatimenti ya zamadzi aziona mapuloti koma asamasinthe. Kuyambira pa PostgreSQL 9.5 mungathenso kuika malire pa mzere uliwonse wa tebulo, moti wina azisintha za dera lake lokha. Lamulo lokhala mu database limagwira aliyense, kaya wabwera ndi QGIS, ndi Python, kapena ndi psql. Lamulo lokhala mu pulogalamu yapakati limagwira okhawo odzera pakhomo limenelo. Kwa ine mfundo imeneyi yokha ndi yokwanira kuti ofesi yaing'ono iyambire pa njira iyi.

Koma ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu. Aliyense wolumikiza amakhala ndi pasiwedi ya database, ndipo ambiri amaisunga mu fayilo ya project ya QGIS imene mawa aitumiza kwa mnzawo pa WhatsApp. Anthu awiri akasintha chinthu chimodzi pa puloti imodzi, zimene zimakhala ndi za wosunga pomaliza, ndipo woyamba uja sauzidwa n'komwe. PostgreSQL ikangoikidwa imalola kulumikiza 100 nthawi imodzi, ndipo QGIS imodzi imatha kutsegula kangapo, ngakhale kuti pa anthu asanu zimenezi si nkhani. Vuto lenileni limabwera wina akafuna kulumikiza ali kutali. QGIS imakoka maonekedwe enieni a malo nthawi iliyonse mukasuntha mapu. Pa waya wa mu ofesi simuzindikira, koma pa intaneti ya pa foni, layer ya mapuloti a tauni yonse imakudikiritsani ndipo bandulo imatha muli chiyang'anire. Kutsegula port 5432 kuti ioneke pa intaneti ndiye musayerekeze. Ngati ndi anzanu awiri atatu a ku ofesi ina, VPN kapena SSH tunnel imakwana.

Geodatabase ya Esri

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Seva ya ArcSDE inapita, koma geodatabase ilipo. Mukayendetsa chida cha Create Enterprise Geodatabase, chimene chimafuna fayilo ya chilolezo cha ArcGIS Server, mu database yanu mumalowa matebulo ambiri a Esri osunga malamulo: ma domain, topology, maubale a matebulo, ndi ma version. Nzeru zomasulira matebulo amenewa zili mu ArcGIS Pro, pulogalamu ya Esri ya pa desiki. Middleware ija sinafe, inangogawika pawiri, theka mu database, theka mu pulogalamu ya pa desiki.

Chimene mumagula ndi ndalama zanu pamenepa ndi versioning makamaka. Wojambula angathe kutenga version yake, kugwira ntchito ya mapaipi a dera latsopano kwa milungu ingapo osakhudza mapu amene ena akuona, kenako n'kuphatikiza. Pomwe zasemphana ndi za mnzake, pulogalamu imamuonetsa kuti asankhe. Kwa bungwe la madzi, la magetsi kapena loona za malo, pomwe kusintha kulikonse kumafuna wina aone kaye asanavomereze, ichi ndi chinthu chamtengo. PostGIS payokha ilibe zimenezi. Mungathe kumanga zofanana nazo ndi ma trigger ndi matebulo a mbiri, koma mukhala mukuzisamala nokha.

Chenjezo lake ndi ili. Mu versioning yachikale, zosintha sizipita mu tebulo lenilenilo nthawi yomweyo. Zimakhala m'matebulo awiri apambali, la A losunga zowonjezedwa ndi la D losunga zochotsedwa, mpaka woyang'anira atayendetsa compress. Wina akatsegula tebulo lenilenilo ndi QGIS amaona deta yakale n'kumaganiza kuti ndi yatsopano. Akasinthamo kanthu ndiye wasokoneza kaundula amene ArcGIS imadalira. Kuwerenga kudzera m'ma view amene Esri imapanga n'kotheka, koma kulemba m'matebulo a geodatabase ndi pulogalamu yosadziwa malamulo ake ndi kuputa mavuto amene amadzaoneka patapita miyezi.

Chochititsa chidwi n'chakuti Esri inabwereranso ku pulogalamu yapakati kudzera khomo lina. Branch versioning, imene inabwera mu 2018, imafuna kuti kusintha kudzere mu feature service ya ArcGIS Enterprise, khomo la pa seva lowerengera ndi kusinthira deta, osati kulumikiza mwachindunji. Utility network, chida cha mapu a mapaipi ndi mawaya, ya pa enterprise geodatabase nayo imayendera momwemo. Ndiye amene akusankha njira ya Esri pa ntchito ya mapaipi kapena mawaya adziwe kuti akusankha seva ina yapakati, ndi laisensi yake yolipira mu ndalama zakunja, ndi munthu woti aziiyang'anira.

Seva ya mapu

Tsiku limene bwana anena kuti mapu aoneke pa webusaiti, nkhani imasintha. Browser silankhula chilankhulo cha PostgreSQL, ndipo ngakhale ikanatha, simungapatse munthu aliyense wodutsa pasiwedi ya database. Apa pulogalamu yapakati ndi yosapeweka. Ntchito yake sikumasulira geometry ayi, koma kulondera pakhomo ndi kupereka zokhazo zimene mwalola.

Zodziwika ndi MapServer, imene inayambira pa University of Minnesota m'zaka za m'ma 1990, GeoServer imene inayambitsidwa mu 2001 ndi The Open Planning Project ku New York, QGIS Server, ndi ArcGIS Server. Zonsezi zimalankhula WMS ndi WFS. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika kukumvetsa. WMS imatumiza chithunzi cha mapu chojambulidwa kale, moti wolandira amaona koma deta sanaitenge, ndipo chithunzicho chimakhala chopepuka kaya mapuloti ndi zana kapena zikwi zambiri. WFS imatumiza deta yeniyeniyo, ndipo WFS-T imalolanso kusintha. Ngati mukufuna anthu aone malire a nkhalango koma asakopere mndandanda wa eni mapuloti, kusankha pakati pa ziwirizi ndiye nkhani yonse.

Chitsanzo chapafupi ndi MASDAP, malo a pa intaneti ogawirana deta ya mapu a Malawi, amene anamangidwa pa GeoNode. Mkati mwa GeoNode muli PostGIS yosunga deta, GeoServer yoigawa, ndi Django yoyendetsa masamba ndi zilolezo. Wogwiritsa ntchito saiona database, amangoona masamba ndi ma link a WMS oti aike mu QGIS yake.

Pakati pa zaulerezi, QGIS Server ndi yokoma kwa ofesi imene mapu ake anakongoletsedwa kale mu QGIS, chifukwa imawerenga project yomweyo ndipo mitundu ndi zilembo zimaoneka mmene munaziikira. GeoServer ili ndi masamba oyendetsera zinthu ndi zilolezo zambiri, koma imayendera Java ndipo imadya memory. MapServer ndi yachangu ndi yopepuka, kungoti mumailamula polemba mapfile pamanja, zimene ena amadana nazo.

Mtengo wobisika wa njira iyi ndi chisamaliro. Chilichonse choyang'ana ku intaneti chimafuna kukonzedwa pafupipafupi. Mu 2024 mu GeoServer munapezeka chibowo choopsa, CVE-2024-36401, cholola munthu wakunja kuyendetsa malamulo ake pa seva popanda pasiwedi, ndipo akuba a pa intaneti anachigwiritsadi ntchito. Okonza GeoServer anatseka chibowocho, koma seva imene inaikidwa ndi katswiri wa pulojekiti n'kusiyidwa pulojekiti itatha siidzikonza yokha. Musanaike seva ya mapu, dziwani dzina la munthu amene adzaiyang'anire chaka chamawa.

Pali mtundu wina wopepuka umene wakula m'zaka zaposachedwapa. Kuyambira pa PostGIS 2.4 ya mu 2017, database yokha imatha kupanga ma vector tile, tizidutswa ta mapu totumiza ku browser, ndi ST_AsMVT. Ndiye pulogalamu ngati pg_tileserv ndi pg_featureserv za Crunchy Data, kapena Martin, zimangolandira pempho la browser, kulisandutsa SQL, n'kubweza yankho. Ndi kafayilo kamodzi koyendetsa, kopanda masamba ambiri oti muzidina. Ngati muli ndi munthu wodziwa kulemba JavaScript ndi MapLibre kapena OpenLayers, ndipo cholinga ndi kungoonetsa mapu, iyi ndi njira yaifupi. Ngati mabungwe ena akufuna WMS yoti aike mu mapulogalamu awo, bwererani ku GeoServer kapena anzake aja.

Kumudzi kopanda netiweki

Wopita kukalemba mijigo kumudzi sangadalire kulumikiza kwa mtundu uliwonse. QField, pulogalamu ya pa foni yoyendera limodzi ndi QGIS, imatha kulumikiza ku PostGIS mwachindunji netiweki ikakhalapo, koma ikaduka muli pakati polemba, ntchito imaima. Njira yodalirika ndi kutenga kope la deta mu GeoPackage, fayilo imodzi ya SQLite imene OGC inavomereza mu 2014, kugwira ntchito tsiku lonse popanda intaneti, n'kudzatumiza zosinthazo madzulo.

Kuphatikiza kumeneku ndi kumene kumafuna pulogalamu yapakati. Anthu khumi akabwerera aliyense ndi kope lake, wina ayenera kuona chimene aliyense wasintha, kuchiika mu database, ndi kudziwa chochita awiri akakhudza mjigo umodzi. QFieldCloud ya OPENGIS.ch ndi Mergin Maps ya Lutra Consulting zimagwira ntchito imeneyi, ndipo zonse ziwiri mungazilipire pa seva zawo kapena kuziika pa seva yanu. Kumbali ya Esri, Field Maps imadzera mu feature service. Anthu akakhala awiri kapena atatu, QFieldSync ndi chingwe cha USB zimakwana, bola mugwirizane kuti aliyense ali ndi dera lake. Akachuluka, kuphatikiza pamanja kumadya nthawi yoposa imene munakhala kumudziko.

Mapulogalamu ena amatchedwa middleware koma sali m'gulu limeneli. FME ya Safe Software ndi ogr2ogr ya mu GDAL ndi zonyamulira deta kuchoka uku kupita uko, monga kulowetsa ma shapefile akale mu PostGIS. Zikamaliza zimachokapo, sizikhala pakati. PgBouncer imakhaladi pakati, koma za mapu siidziwa kalikonse, imangothandiza kuti anthu ambiri agawane kulumikiza kochepa. Mudzaifuna webusaiti ikayamba kuchezeredwa kwambiri, osati lero.

Palinso vuto limodzi limene anthu amalikankhira kwa pulogalamu yapakati pomwe si lake. Mapu ambiri akale a ku Malawi kuno ali mu njira yoyezera malo yotchedwa Arc 1950, UTM zone 36S, imene nambala yake ndi EPSG:20936, pomwe GPS ndi mafoni zimapereka WGS 84, imene mu UTM yomweyo ndi EPSG:32736. Manambala ake amaoneka ofanana, koma pansi amasiyana ndi mamita mazana angapo. Mukalowetsa deta ya Arc 1950 n'kuilemba kuti ndi 32736, database ikhulupirira, GeoServer ikhulupirira, ndipo mijigo idzaoneka ili m'munda mwa eni ake. Izi zimakonzedwa polowetsa deta, ndi munthu wodziwa kumene mapuwo anachokera.

Ndiye musankhe iti? Ine ndimayamba ndi kufunsa kuti amene azikhudza deta ndi ndani, ndipo azikhala ali kuti. Ngati onse ali mu ofesi imodzi ndipo mumawadziwa mayina, PostGIS ndi QGIS mwachindunji, aliyense ndi akaunti yake, n'zokwanira. Ndalama imene mukanagulira seva yachiwiri igulireni UPS yoti database isazime mwadzidzidzi magetsi akathima, ndi disk yosungira kope la database (pg_dump) la usiku uliwonse kunja kwa chipinda chimenecho. Seva ya mapu mudzaiika tsiku limene munthu wakunja adzafune kuona mapu anu, ndipo idzakhala pamwamba pa database yomweyo popanda kusamutsa kalikonse. Ambiri amayambira kumapeto: amaika GeoNode yonse asanagwirizane n'komwe kuti tebulo la mijigo likhale ndi ma column ati.

Povuta ndi pa ofesi yosakaniza, pomwe ena ali ndi ArcGIS Pro ena QGIS. Matebulo wamba a PostGIS, Pro imawawerenga bwino ngati query layer, koma kuti iwasinthe imafuna adzere mu feature service. Matebulo a geodatabase, Pro imawasintha bwino, koma a QGIS ayenera kungowerenga. Palibe njira imene imapatsa mbali zonse ziwiri ufulu wofanana popanda kuwonjezera seva. Choncho gwirizanani kaye kuti osintha deta tsiku ndi tsiku ndi ati. Ngati ndi a QGIS, siyani matebulo akhale a PostGIS wamba ndipo a Pro aziwerenga, kusanthula ndi kusindikiza mapu. Ngati ndi a Pro ndipo versioning ikufunikadi, pangani geodatabase, a QGIS muwapatse akaunti yowerengera yokha pa ma view, ndipo chilolezo cholemba m'matebulo amenewo muchichotse mu database momwemo.